Minga ya pa Chipata cha Bunim

Bunim anagula chitsambacho pamsika wa ku Hadong, patangopita miyezi yochepa mwamuna wake atamwalira. Ndinali naye. Ine ndinapita kukagulitsa nkhono za mumtsinje, ndipo iye ndinachita kumukoka pamkono, chifukwa kumusiya akanangokhala m'nyumba n'kumayang'ana khoma. Titafika kumapeto kwa msika, kumene kumakhala ogulitsa mbande, anaima osasunthanso.

"Ichi n'chiyani?" Bunim anafunsa wogulitsa.

Chinali m'kaphika ka pulasitiki, cholekeza m'bondo, chopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Nthambi zake zinali zobiriwira, zopindikapindika ngati waya wopondedwa ndi galimoto. Minga yake sinkaloza kutsogolo ngati minga ina. Inali yokhota ngati zikhadabo za kabawi.

"Ndi taengja, mayi," anatero wogulitsayo.

Taengja timaidziwa tonse. Ndi mpanda waminga uja makolo athu ankatchingira minda, wobala timalalanje towawa timene ngakhale mwana wanjala amalavula.

"Taengja yake iti yopotoka chonchi?" ndinatero ine. "Yadwala iyi. Mukufuna mutigulitse matenda."

"Iyi si ya kumpanda ayi, mayi. Amaitcha chinjoka chouluka. Ndi yokongoletsa pakhomo."

Ndinathyola munga umodzi n'kuuyang'ana. Ine nkhono ndimazitokosa m'zigoba ndi munga wa taengja, ndipo palibe singano imene imaposa munga umenewo. Koma uwu unali wokhota, sukanalowa n'komwe m'chigoba.

"Waona? Zipatso zosadyeka, mthunzi palibe, munga wake nawo ngwaulesi. Tiye tizipita."

"N'chifukwa chake ndachikonda," anatero Bunim, namasula kachikwama kake.

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa bwalo la Bunim mmene linalili mwamuna wake, Seok Dubong, ali moyo. Munali tsabola, adyo, kabichi ndi nyemba, mpaka m'mphepete mwa chimbudzi. Duwa munalibe. Chaka china Bunim anabzala timaluwa tofiira kuseri kwa mitsuko ya soya, poyesa kuti sitidzaoneka. Dubong anatizula n'kumuponyera pamiyendo, amvekere, "Phika tidye." Pamaliro sitinanene, koma mudzi wonse unkadziwa kuti anali womenya. Tinkadziwanso kulira kwa chipata chawo chachitsulo akamabwera kumowa: ankachikankha ndi phazi, chinkamenya khoma, kenaka ife oyandikana nawo tinkakweza wailesi. Inenso ndinkakweza.

Bunim anabzala chitsamba chake pambali penipeni pa chipatacho, mkati, pamene dzuwa limafika tsiku lonse. Anakumba dzenje lakuya, pansi n'kuthira timiyala ta kumtsinje kuti madzi asamaime, chifukwa wogulitsa uja anati mizu yake imadana ndi chinyezi. Chisanu choyamba anachikulunga patsinde ndi udzu wa mpunga, ngati mwendo wothyoka. Ine ndinkadutsa n'kumamufunsa kuti, "Wodwala wako wagona bwanji?"

Chisanu chitatha chinachita maluwa masamba asanatuluke. Maluwa oyera, akuluakulu kuposa mmene ungaganizire, atakhala pakati pa minga ija. Ndinaima n'kumawayang'ana. Bunim sananene kuti waona, anangondipatsa mpando.

Anachiphunzira ngati mmene mkazi amaphunzirira mwana wovuta. Nthawi zina patsinde pankaphuka nthambi yoongoka, yothamanga kukula kuposa zinzake, ndipo iye ankaidula msanga, akuti ukailekerera imalanda chakudya chonse, chitsamba n'kubwerera kukhala taengja wamba. Ankavala magolovesi a mwamuna wake owotcherera zitsulo, komabe mikono yake inkakhala ndi mizere yofiira chaka chonse. Mbozi za agulugufe zikabwera ankazitola n'kusiyako ziwiri zitatu, akuti nazonso zidye. Mpheta zinazindikira kuti mphaka sangalowemo, ndiye zinkadzazamo m'mawa n'kumalongolola. Pofika chaka chachinayi chinali chitamupitirira msinkhu, nthambi zina zitaweramira panjira yolowera, moti wa positi ankalowa chammbali. Nthawi yokolola mpunga chinkadzaza timalalanje tachikasu taubweya. Bunim ankatiika m'mbale pawindo, nyumba yonse n'kumanunkhira. Anthu a m'tauni odutsa ndi galimoto ankaima kuti ajambule, iye n'kumachita ngati sakuwaona, koma tsiku limenelo ankasesa pachipata kawiri.

Chaka chimenecho, kutatsala pang'ono kuti tsiku la nsembe yokumbukira Dubong lifike, kunabwera a Gapsun, mlongo wake wamkulu wa malemuyo. Anali gogo wowerama msana, woyenda ndi ndodo, koma pakamwa pakuthwa ngati lumo. Ankakhala kutsidya kwa mtsinje, ndipo sankakwera basi popanda chifukwa. Anatipeza tikusankha tsabola pakhonde.

"Make Dongpil," anatero asanakhale n'komwe pansi, "mlongo wanga wandibwerera kutulo."

"Khalani kaye, alamu. Mumwe madzi."

"Madzi ndamwa kwathu. Anaima panja, wowonda, mkanjo wake utang'ambika mkono wonse. Ndikuti, Dubong, wadya? Iye kungondionetsa nsanza zija. Ndadzuka ndikulira. Ndiye ndafika pano, chitsamba chakochi chandikoka mpango, ndipo ndamvetsa zonse."

"Maloto a nyemba za usiku amenewo, agogo," ndinatero ine.

"Iwe wa nkhono, khala chete, si m'bale wako." Anatembenukira kwa Bunim. "Tandiuza. Tsiku la nsembe timamasuliranji chingwe choyanikira zovala?"

"Kuti mzimu usakodwe polowa," anayankha Bunim motsitsa mawu.

"Nanga chipata timachisiyiranji chotsegula?"

"Kuti ulowe udzadye."

"Nanga anthu akamapachika nthambi yaminga pamwamba pa chitseko, amakhala akuletsa ndani? Wa positi? Iwe wamasula chingwe, watsegula chipata, kenaka waimika msilikali pakhomo. Zaka zonsezi mwakhala mukugwadira tebulo lopanda munthu. Mpunga munkadya nokha, mwini wake ali panja."

Manja a Bunim anali ataima pa tsabola.

"Ndamuimbira kale Dongpil," anatero a Gapsun. "Abwera ndi sowo. Chichoke nsembe isanayambe."

Dongpil ndi mwana yekhayo wa Bunim, bambo wa mimba yake ndi ana ake, wogwira ntchito kudoko ku Busan. Ndiye amatsogolera nsembe ya bambo ake. Ndi munthu wabwino, koma wa mtundu uja woti amene walankhula naye komaliza ndiye walondola.

Mawa lake Bunim anabwera kukhitchini kwanga kudzandithandiza kutokosa nkhono. Tinagwira ntchito nthawi yaitali. Kenaka ndinati, "Tichizule tikachibzale kuseri kwa nyumba. Gogo uja akhutire, iwenso ukhale nacho."

"Chili ndi zipatso. Ukachisuntha pano chifa. Mizu yake yalowa pansi pa khoma."

"Ndiye uwauze kuti ndi bodza. Munthu wakufa alibe mkanjo."

"Iwe chingwe chako sumasula?"

Ndimamasula. Sindikhulupirira kwenikweni, koma ndimamasula, chifukwa kumasula chingwe sikulipira.

"Make Hyesuk," anatero, "ndikuuze chinthu. Chiyambire kukula chitsamba chija, ndimagona mpaka kuwala. Kale mphepo ikangogwedeza chipata ndinkadzuka mtima uli phaphapha, ngakhale iye atafa kale. Zinangosiya zokha. Ndinkayesa ndi ukalamba. Dzulo alamu atalankhula ndi pamene ndinadziwa."

"Ndiye kuti wawakhulupirira?"

"Ndawakhulupirira. Sakulowa."

"Basitu, zako zayenda. Akhale panja pomwepo."

Anandiyang'ana ngati ndalavula m'mbale. "Zaka zonsezi osadya? Iwe njala suidziwa? Ndinamuphikira moyo wanga wonse, ngakhale tsiku limene anandithyola dzino ndinamuphikira. Sindinamumanepo chakudya. Sindiyamba lero poti wafa."

"Ndiye ukufuna chiyani? Adye kapena asalowe?"

"Zonse ziwiri," anatero, n'kupitiriza kutokosa.

Tsiku la nsembe ndinapita kukathandiza kukazinga, monga timachitira. Sindinaonepo Bunim akuphika chonchija. Anagula nsomba yaikulu ya m'nyanja, nyama ya ng'ombe yabwino, mapeyala aakulu ngati mutu wa khanda. Ndiwo zamasamba anakonza mitundu itatu, makeke a mpunga anakaitanitsa kuchigayo. Mowa anagula umene Dubong ankaukonda, womwe uja unkamutumiza kudzakankha chipata. Ine ndinayesa kuti ndi kupepesa, kuti wagonja.

Masiku ano nsembe sitidikira pakati pa usiku, ana amakhala ndi ulendo wobwerera. Dongpil anafika dzuwa litapendeka, atavala suti yakuda, sowo yatsopano ili m'manja, pepala la mtengo wake likadali pachogwirira. A Gapsun anali atakhala kale pakhonde, ndodo ili pamiyendo, ngati woyang'anira ntchito.

"Amayi, pepani," anatero Dongpil. "Ndikugulirani china. Chamaluwa, chopanda minga."

"Wadya?" anafunsa Bunim.

"Ndadya panjira."

"Dula, mwana iwe, dzuwa likupita," anatero a Gapsun.

Dongpil anavula jekete n'kuyamba kuzungulira chitsambacho kufuna polowetsa dzanja. Panalibe. Atawerama kuti afike patsinde, munga unamugwira kolala. Pofuna kuuchotsa, wina unamugwira mkono. Mpheta zinabalalika.

"Aa! Chinthu chanji chimenechi!"

"Chakudziwa kuti ndiwe wa kwa Seok," ndinatero ine. A Gapsun anandiponyera diso.

Nthawi imeneyo Bunim anatuluka m'nyumba atanyamula mphasa. Anadutsa mwana wake, anatuluka pachipata, nayala mphasayo panja, m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi khoma. Anaiwongola bwinobwino, nachotsa timiyala pansi pake. Kenaka anabwerera.

"Dongpil, siya kaye zimenezo. Dzagwire tebulo mbali iyo, n'lolemera."

"Tebulo lipite kuti, amayi?"

"Panja. Bambo ako akudikira kumeneko. Azakhali ako awaona."

A Gapsun anaimirira msanga kuposa mmene ndinkaganizira kuti angathe. "Wapenga iwe? Kunja kwa chipata? Kumene timatayira mpunga wa m'madzi wa mizimu yopanda ana? Mlongo wanga wasanduka wopemphapempha?"

"Mpunga wa m'madzi mwauona pati, alamu? Lowani muone zimene ndaphika. Nsomba yathunthu, nyama, mowa wake. Mwana wake amugwadira. Palibe chimene chichepe."

"Chichepa ndi nyumba! Nyumba yake, anamanga yekha!"

"Tinamanga awiri. Njerwa ndinkasenza ndine, ndili ndi pakati pa uyu." Mawu a Bunim sanatsike. Ine ndinali ndisanamumvepo akuyankha munthu wa banja limenelo. "Alamu, sindinabzale chitsambachi kuti ndimutsekere. Sindinkadziwa. Ndinangochiona pamsika n'kuchifuna, ndipo chinali chinthu choyamba chimene ndinafuna popanda wondifunsa kuti n'chantchito yanji. Munandiuza ndinu kuti sakulowa. Ndakumverani: asagone ndi njala. Adye akhute, chaka chilichonse, malinga ndili moyo. Koma m'nyumba muno ndimagonamo tsopano. Asalowe."

"Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ankamva zonse, sananene kanthu. Apanso angokhala chete."

Mawu amenewo anandilasa inenso, koma anali oona.

A Gapsun anakhalanso pansi. Pamene anayambanso kulankhula, sankalankhula kwa ife. "Mwana ameneyo ndinamubereka kumbuyo ine. Nkhondo itatha, amayi atapita kukasaka ntchito, ndinkamutafunira balere n'kumulavulira m'kamwa. Tsiku lina tinalibe kanthu, ndinamupatsa chala changa kuti aziyamwa, analira mpaka mawu kutha. Inu mukudziwa Dubong wamowa. Ine ndikudziwa ameneyo. Ndiye lero adyere pamsewu ngati galu?"

Gogoyo sankanama, ndipo Bunim ankadziwa.

"Dongpil," anatero a Gapsun, "iwe ndiwe mwini nsembe. Ndiwe magazi ake. Dula."

Dongpil anaima pakati pa bwalo, sowo ili m'dzanja, magazi akutuluka pang'ono pamkono wa malaya ake oyera. Anayang'ana azakhali ake, anayang'ana amayi ake. Ine ndinati basi, chitsamba chapita, chifukwa olankhula komaliza anali azakhaliwo.

"Azakhali," anatero, "mukudziwa mtsuko waukulu uja, wa kumapeto?" Analoza mitsuko ya soya. "Unkakhala wopanda kanthu. Amayi ankausiya dala. Bambo akamabwera kumowa ndinkalowamo ine, n'kudzivundikira."

Anatsamiritsa sowo kukhoma, nalowa m'nyumba. Anatuluka chobwerera m'mbuyo atagwira tebulo mbali imodzi, amayi ake mbali inayo. Podutsa pachitsamba anapendeketsa tebulolo mosamala, ndipo analikhazika pamphasa paja.

Ine ndinkatuta mbale, Dongpil n'kumayala. Bunim anafikitsa zonse pachipata, koma iye sanatulukenso. A Gapsun anakhala pakhonde atatembenuzira nkhope kumbali, koma pakhondepo pamaonekera panja bwinobwino, ndipo diso lawo linkabwerera lokha.

Vuto n'lakuti Dongpil sanayalepo tebulo yekha. Chaka chilichonse ankangoimirira, azakhali ake n'kumamuuza kuti ichi apa, icho apo. Anaika mapeyala pamalo a zipatso zofiira. A Gapsun anatsokomola. Anaika msuzi kumene kumakhala mpunga. A Gapsun anamenya ndodo pansi. Kenaka anatenga nsomba ija n'kuigoneka mutu kuloza kumadzulo.

"Kum'mawa!" anakuwa gogoyo. "Mutu wa nsomba kum'mawa, chitsiru iwe! Sukulu yonse ija unkaphunzira chiyani?"

"Kum'mawa ndi kuti kuno, azakhali? M'nyumba ndimadziwa, koma panja pano ndasokonezeka."

Sindikudziwa ngati anasokonezekadi. A Gapsun anadzuka akung'ung'udza, nayamba kuwoloka bwalo ndi ndodo yawo. Pofika pachipata, poti ankayenda mokwiya osayang'ana, munga unawagwira pamkono wa bulauzi. Anakoka, minga ina iwiri n'kuwagwiranso.

"Waona? Waona chinthu chako?"

"Imani, alamu, musakoke," anatero Bunim, nafika pafupi. "Mukakoka imang'amba. Bwererani m'mbuyo pang'ono. Eya, choncho."

Anachotsa minga ija umodziumodzi, akutsata kukhota kwake, ndipo nsaluyo inatuluka yosang'ambika. Akazi awiriwo anaima moyandikana kwambiri, mitu itatsala pang'ono kugundana. A Gapsun anayang'ana mikono ya Bunim, mizere yofiira yatsopano ija, ndi chipsera chakale chapachigongono chimene sichinachite kubwera ndi minga. Anatuluka.

Panja anakonza zonse. Anatembenuza nsomba, anasinthanitsa mpunga ndi msuzi, anasuntha zipatso, akutukwana Dongpil pa mbale iliyonse. Thirakitala ya bambo wina wa kumtunda inatulukira pakona ikuchokera kumunda. Bamboyo ataona tebulo, makandulo ndi munthu wa suti pamsewu, anazimitsa injini, navula chipewa, n'kudikira. Sanafunse.

Dongpil anayatsa lubani, anathira mowa, nagwada mpaka mphumi kugunda mphasa. Anadzuka, nagwadanso. Mphepo ya kumtsinje inafuna kuzimitsa kandulo imodzi, ine n'kuitchinga ndi thupi langa. Itafika nthawi yoika supuni mumpunga, a Gapsun anamulanda Dongpil supuniyo. Anavundukula mbale okha, anaimika supuni pakati.

"Idya, Dubong," anatero. "Kuno kukuzizira, koma chakudya n'chambiri. Idya, usasiye."

Tonse tinatembenuka kupereka misana, monga mwa mwambo, kuti wakufa adye momasuka. Potembenukapo ndinayang'anizana ndi Bunim. Anali ataima mkati mwa chipata, pambali pa chitsamba chake, manja atawapinda kutsogolo mwaulemu. Sankalira. Anadikira nthawi yokwanira munthu kumaliza mbale ya mpunga, kenaka anafunsa mofatsa kuti, "Alamu, wakhuta?"

A Gapsun anapukuta mphuno ndi mpango. "Muonjezere mowa," anatero. "Kapu imodzi sinamukwanepo ameneyo."